Thonje Lagalasi ndi Khansa: Ufulu ndi Udindo wa Wantchito

Aliyense amene anakwerapo m'denga la nyumba ya malata m'mwezi wa Okutobala kukayala thonje lachikasu kapena lapinki lija amadziwa zimene zimatsatira. Potsika pamakwerero, khosi, mikono ndi msana zimakhala zikuyabwa ngati wadutsa m'tchire la chitedze. Maso amafiira, kukhosi kumakanda, ndipo usiku tulo timavuta. Amisiri ambiri amalitcha faibagalasi, ena amangoti insuleshoni. Muno tilitcha thonje lagalasi, pakuti ndi mmene lilili: galasi losungunulidwa n'kupotedwa kukhala timaulusi tating'onoting'ono.

Kuyabwa kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, koma funso limatsala mumtima. Ngati pakhungu likuchita chonchi, nanga m'mapapo likuchita zotani? Kodi limayambitsa khansa? Pamalo antchito pamamveka mayankho awiri. Kapitawo amati, "Palibe vuto, ndi thonje chabe, mukamwe mkaka." Anzanu ena amati, "Ameneyu ndi asibesitosi, tonsefe tinatha kale." Mayankho onsewa ndi olakwika, ndipo onse amamusiya wantchito ali manja lende. Mukadziwa zoona zake, mudziwanso choti mufunse kwa abwana ndi chimene lamulo limakupatsani.

Thonjeli ndi chiyani?

Thonje lagalasi amalipanga ndi mchenga ndi magalasi akale. Amazisungunula pamoto wotentha pafupifupi madigiri 1,400, kenaka amazipota n'kuzimata ndi guluu kuti zikhale ngati bulangete. Linayamba kupangidwa kwambiri ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo kampani ya Owens-Corning inakhazikitsidwa m'chaka cha 1938 kuti izichita malonda amenewa. Ntchito yake ndi kutchinga kutentha, kuzizira ndi phokoso. N'chifukwa chake mumalipeza pamwamba pa siling'i, pansi pa malata a mashedi, pokulunga magiza, mapaipi a nthunzi ndi maboyila a m'mafakitale, m'makina oziziritsa m'maofesi, ndiponso m'kati mwa makuka a magetsi.

Oyandikana nalo tsiku ndi tsiku ndi akalipentala, mapulambala, okoka mawaya a magetsi, okonza maboyila, ogwetsa nyumba zakale, ndi anyamata aganyu amene amapatsidwa ntchito yosesa ndi kutaya zinyalala. Kawirikawiri waganyu ndiye amapuma fumbi lochuluka, komanso ndiye amauzidwa zochepa.

Zimene akatswiri anapeza

Mantha a khansa sanachokere m'maluwa. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa ku America Mearl Stanton ndi anzake anaika ulusi wagalasi m'zifuwa za makoswe, ndipo ena mwa makoswewo anatuluka zotupa. Phunziro lake linali lakuti kuopsa kwa ulusi kumadalira kwambiri maonekedwe ake. Mukagawa milimita imodzi m'magawo 1,000, gawo limodzi ndiye maikironi. Ulusi woonda kuchepera maikironi 3 koma wotalika kupitirira maikironi 5 umatha kulowa mpaka pansi penipeni pa mapapo. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi maikironi 70, choncho ulusi umene tikunenawu suoneka ndi maso. Wonenepa ndiye umayabwa pakhungu. Woonda umalowa mwakachetechete.

Bungwe la IARC, nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO yofufuza za khansa yomwe ili ku Lyon m'dziko la France, limaika zinthu m'magulu. Gulu 1 ndi la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Gulu 2A ndi la zoganiziridwa kwambiri, gulu 2B ndi la zimene mwina zingayambitse, ndipo gulu 3 ndi la zimene umboni wake sukwanira kugamula. M'chaka cha 1988 bungweli linaika thonje lagalasi m'gulu 2B.

Kenaka panabwera zotsatira za kafukufuku wamkulu wa anthu enieni. Ku America akatswiri a yunivesite ya Pittsburgh anatsatira mbiri ya antchito oposa 32,000 a m'mafakitale 10 opanga ulusi wagalasi. Ku Ulaya anatsatira antchito pafupifupi 22,000 a m'mafakitale 13. Sanapeze umboni wokhazikika woti khansa ya m'mapapo imakwera malinga ndi kuchuluka kwa ulusi umene munthu anapuma. Zinaonekanso kuti ulusi wagalasi umasiyana ndi wa asibesitosi m'njira ziwiri. Wa asibesitosi umang'ambika m'litali n'kumaonderaondera, pomwe wagalasi umathyoka chopingasa n'kumafupika. Wa asibesitosi umakhala m'mapapo zaka zambirimbiri, pomwe wa thonje lagalasi wamba umasungunuka m'madzi a m'mapapo pakapita masabata kapena miyezi. Pachifukwa ichi, m'mwezi wa Okutobala 2001 IARC inachotsa thonje lagalasi wamba m'gulu 2B n'kuliika m'gulu 3.

Apa mpofunika kumvetsa bwino. Gulu 3 silitanthauza kuti chinthu chilibe vuto. Limatanthauza kuti umboni umene ulipo sukwanira kunena kuti chimayambitsa khansa. Komanso kafukufuku uja anachitika pakati pa antchito a m'mafakitale a ku America ndi Ulaya, kumene fumbi linkayezedwa ndipo linali lochepa. Munthu wogwada m'denga lopanda mphepo, akukoka thonje lakale lofumbutuka, amapuma fumbi lochuluka kuposa pamenepo. Dziko la America, m'ndondomeko yake ya zoyambitsa khansa ya m'chaka cha 2011, linasiyabe mitundu ina ya ulusi wagalasi, yosachedwa kulowa m'mapapo koma yochedwa kusungunuka, pamndandanda wa zokayikitsa. Dziko la Germany linaletsa kupanga ndi kugulitsa thonje losasungunuka msanga kuyambira m'chaka cha 2000, ndipo mpaka lero thonje lakale amaligwira mosamala ngati chinthu chimene chingayambitse khansa.

Oopsa ndi achibale ake

Chiopsezo chachikulu kwa wantchito ndi chakuti zinthu zingapo zimafanana maonekedwe ndipo zimapezeka malo amodzi.

Choyamba ndi asibesitosi, amene ali m'gulu 1. Amayambitsa khansa ya m'mapapo ndi khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma, ndipo matendawa amaonekera patadutsa zaka 20, 30 kapena 40. Kwa zaka zambiri ankakumbidwa ku Zvishavane ndi Mashava m'dziko la Zimbabwe komanso ku South Africa, ndipo anafoleredwa pa nyumba, masukulu ndi mafakitale ambiri m'chigawo chino cha Africa. Dziko la South Africa linamuletsa m'chaka cha 2008, koma m'nyumba zakale akadalimo. Mukatumidwa kukachotsa zokulunga mapaipi akale, simungamuzindikire ndi maso okha.

Chachiwiri ndi thonje loyera la m'ng'anjo ndi m'maboyila otentha kwambiri, lotchedwa ceramic fibre. Ili IARC inalisiya m'gulu 2B, pamodzi ndi ulusi wagalasi woonda kwambiri wopangira zosefera zapadera. Thonje la m'ng'anjo likapsa kwa nthawi yaitali, mbali yake ina imasanduka fumbi la silika, lomwe lili m'gulu 1.

Chachitatu ndi guluu womatira thonje. Mitundu yambiri, makamaka yakale, ili ndi mankhwala a formaldehyde, amene IARC inawaika m'gulu 1 m'chaka cha 2004. M'thonje louma mumatuluka ochepa, koma thonje latsopano likatenthedwa koyamba pa paipi kapena boyila limatulutsa utsi wosafunika kuupuma.

Ndiye funso loyamba pa ntchito iliyonse likhale lakuti, "Kodi ichi n'chiyani kwenikweni?" Akulu anati safunsa anadya phula.

Ufulu woyamba: kudziwa

Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Mawu akuti munthu aliyense sasankha wolembedwa pamwezi kapena waganyu. Lamulo la Employment Act la 2000 nalonso limazindikira mgwirizano wa ntchito wapakamwa monga limazindikirira wolembedwa.

Lamulo lolongosola za chitetezo ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997. Limaika pamapewa a wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti antchito ake ndi otetezeka ndi athanzi, kuphatikizapo kuwapatsa uthenga, malangizo, maphunziro ndi kuwayang'anira. Choncho kufunsa dzina la chinthu chimene mwapatsidwa si mwano. Opanga thonje amatulutsa chikalata chofotokoza zimene zili m'katundu wawo ndi kagwiridwe kake, chotchedwa Safety Data Sheet. Pemphani kuti muchione, kapena akuwerengereni m'chilankhulo chimene mumamva. Werenganinso zolembedwa papulasitiki yokulungira. Ngati nyumba ndi yakale ndipo palibe akudziwa chimene chili m'denga kapena pamapaipi, chigwireni ngati choopsa kufikira atachiyeza odziwa.

Ufulu wachiwiri: kutetezedwa popanda kulipira

Lamulo lomwelo la 1997 limati kumene antchito akugwira zinthu zovulaza thupi, wolemba ntchito apereke zovala ndi zipangizo zodzitetezera, ndipo wantchito asalipire kanthu. Kukudulani malipiro chifukwa cha magolovesi kapena masiki ndi kuphwanya lamulo. Limafunanso kuti fumbi lichepetsedwe pamalo pomwe likutulukira, mphepo izilowa mokwanira, ndiponso pakhale posamba.

Pa thonje lagalasi, zoyenera kupatsidwa ndi ovolosi ya mikono yaitali yosathina, magolovesi, magalasi otchinga maso mpaka m'mbali, chipewa, ndi masiki yosefa fumbi ya mtundu wa FFP2 kapena N95 yogwira bwino kumaso. Kansalu komanga pamphuno kapena masiki yopyapyala ya kuchipatala sizokwanira. Pa asibesitosi ndi thonje la m'ng'anjo pamafunika chitetezo choposa apa, ndi anthu ophunzitsidwa ntchito imeneyo. Ndipo dziwani kuti mkaka umapita m'mimba, fumbi limapita m'mapapo. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma sungalowe m'malo mwa masiki.

Izi si zofuna za anthu ovuta. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linatulutsa m'chaka cha 2001 ndondomeko yapadera ya kagwiridwe kabwino ka thonje lotere. Dziko la Malawi linavomereza mapangano a ILO nambala 155 ndi 187 okhudza chitetezo ndi thanzi pantchito m'chaka cha 2019, ndipo m'chaka cha 2022 ILO inalengeza kuti malo antchito otetezeka ndi ufulu wachibadwidwe wa wantchito aliyense.

Ufulu wachitatu: kukana ntchito yoika moyo pachiswe

Ambiri amaopa kulankhula poganizira ana kunyumba. Manthawa ndi omveka, pakuti ntchito ndi yosowa. Koma gawo 57 la Employment Act limati munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo limatchula zifukwa zimene sizololedwa. Zina mwa izo ndi kuchoka pamalo pamene wantchito akukhulupirira ndi chifukwa chokwanira kuti pali ngozi yaikulu pa moyo kapena thanzi lake, ndiponso kukadandaula za abwana kwa oyenera. Mukafuna kugwiritsa ntchito ufuluwu, musathawe mwakachetechete. Uzani kapitawo pamaso pa mboni kuti mwaima chifukwa chakutichakuti, ndipo ndinu okonzeka kupitiriza vutolo likakonzedwa. Ngati n'kotheka lembani kalata kapena uthenga wa pafoni, kuti pakhale chosonyeza.

Ufulu wachinayi: kulankhula pamodzi

Mutu umodzi susenza denga. Gawo 31 lija limapatsanso wantchito ufulu wolowa m'bungwe la ogwira ntchito, ndipo lamulo la 1997 limafuna kuti pamalo pamene pali antchito oposa 50 pakhale komiti yoona za chitetezo, yokhala ndi oimira antchito. Pamene muli ochepa, gwirizanani n'kupita kwa abwana anthu atatu kapena anayi. Pempho la munthu mmodzi limatchedwa ulesi, koma la gulu limamveka.

Ufulu wachisanu: chithandizo ndi chipukutamisozi

Wantchito amene watha miyezi 12 pantchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda: masabata osachepera 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, akaonetsa kalata ya dokotala. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limapereka chipukutamisozi kwa wovulala pantchito ndi kwa wodwala matenda amene ali pamndandanda wa matenda obwera chifukwa cha ntchito. Wantchito akamwalira, amene ankadalira iye ndiwo amalandira.

Tinene chilungamo apa. Popeza akatswiri sanatsimikize kuti thonje lagalasi wamba limayambitsa khansa, mlandu wotsamira pa thonje lokhalo ndi wovuta kupambana. Koma mndandanda wa ILO wa matenda a kuntchito, umene unakonzedwanso m'chaka cha 2010, umatchula khansa yobwera ndi asibesitosi, matenda a mapapo obwera ndi silika, ndi matenda a pakhungu obwera ndi zinthu zoyabwa. N'chifukwa chake dokotala ayenera kumva zonse zimene munagwirapo, osati chomaliza chokha. Musachedwe kukanena, pakuti lamulo limaika malire a nthawi yoperekera dandaulo.

Udindo wanu

Lamulo limafunanso kuti wantchito adzisamale, asamale anzake, ndi kugwiritsa ntchito moyenera zipangizo zimene wapatsidwa. Masiki yolendewera pakhosi siteteza munthu, ndipo yogulitsidwa kumsika siteteza n'komwe.

Dulani thonje ndi mpeni wakuthwa, osati ndi makina kapena kuling'amba ndi manja. Lisiyeni m'pulasitiki yake kufikira pamalo poliyala. Musanachotse lakale, liwazeni madzi pang'ono, mutazimitsa magetsi. Musasese pouma kapena kupemerera fumbi ndi mpweya wa makina. Zotsala ikani m'matumba omanga pakamwa, osazitaya kudzala kumene ana amasewera. Musadye kapena kusuta pamalo pamene mukugwira ntchito. Mukaweruka, yambani mwatsuka khungu ndi madzi ozizira ambiri osakanda, kenaka sambani ndi sopo. Kanthu kakalowa m'diso, musatikite; thirani madzi oyera. Ovolosi ichapidwe payokha, isasakanikirane ndi zovala za ana, ndipo amene akuchapayo auzidwe chimene chilimo.

Ngati mumasuta fodya, dziwani kuti kusuta ndiko kumayambitsa khansa ya m'mapapo yambiri padziko lonse, ndipo kwa munthu amene anapumapo asibesitosi kumachulukitsa ngoziyo kangapo. Kuleka fodya kuli m'manja mwanu, sikudikira abwana.

Chifuwa chikapitirira masabata awiri, kapena mukamabanika, kumva kuwawa m'chifuwa, kutsokomola magazi kapena kuonda popanda chifukwa, pitani kuchipatala. Adzayamba ndi kuyeza chifuwa chachikulu, ndipo n'koyenera kutero. Koma musatuluke musananene kuti, "Adokotala, ine ndimagwira ntchito m'fumbi lakutilakuti, kwa zaka zakutizakuti," ndipo pemphani kuti zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala.

Sungani umboni

Phunziro ili tinalilipira kale ndi miyoyo ya makolo athu. Amuna ambiri a ku Malawi anapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku bungwe lolemba antchito la Wenela, n'kubwerako ndi mapapo odzaza fumbi la silika. M'chaka cha 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana marandi 5 biliyoni, umene makampani 6 a migodi anachita ndi oimira antchito, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizilipira odwala ndi mabanja awo. Chinthu choyamba chimene wodandaula amafunsidwa ndi umboni woti anagwiradi ntchito pamgodi. Matenda a fumbi amabwera kampani itatsekedwa, kapitawo atamwalira, anzanu atabalalika.

Choncho gulani kope limodzi. Lembanimo dzina la wolemba ntchito, malo, masiku, ntchito imene munagwira, dzina la katundu, ndi mayina a anzanu awiri amene munali nawo. Jambulani pafoni zolembedwa papaketi ndi malo amene mukugwirapo. Sungani mapepala a malipiro, makalata ndi mauthenga a ndalama za pafoni. Uzani a kunyumba kumene mwaika kopelo.

Kwa amene ali kunja

Abale athu ambiri akuika siling'i ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Kumeneko lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993 limaletsa wolemba ntchito kudula malipiro chifukwa cha zipangizo zachitetezo, ndipo lamulo la COIDA la chaka chomwecho limapereka chipukutamisozi kwa ovulala ndi odwala chifukwa cha ntchito, kuphatikizapo ochokera kunja. M'chaka cha 2008 khoti la zantchito la dzikolo linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chinatha amakhalabe wantchito pamaso pa lamulo la zantchito. Ku Britain, malamulo a COSHH a 2002 amakakamiza wolemba ntchito kuunika kuopsa kwa fumbi ndi mankhwala ntchito isanayambe. Kukhala mlendo sikufafaniza ufulu wa kupuma mpweya wabwino.

Kokadandaula

Yambani ndi kapitawo kapena abwana, kenaka komiti ya chitetezo kapena bungwe lanu la ogwira ntchito. Zikakanika, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kumene ambiri amati ku leba. Unduna wa Zantchito uli ndi nthambi yoona za chitetezo ndi thanzi pantchito, ndipo oyendera ake ali ndi mphamvu zolowa pamalo antchito ndi kulamula kuti ntchito yoopsa iime. Madandaulo a chipukutamisozi amayambiranso ku ofesi yomweyo. Mukachotsedwa ntchito chifukwa cholankhula, nkhani imayambira ku leba, ndipo ikapanda kutha imapita ku khoti la zantchito la Industrial Relations Court. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Kwa inu olemba ntchito ndi eni nyumba, mtengo wa masiki, magolovesi ndi ndowa ya madzi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa denga limene mukumanga. Musatume mwana wa mnzanu kumene simungatume wanu osavala kanthu.

Kwa inu amisiri ndi aganyu, thonje lagalasi wamba si asibesitosi, ndipo palibe chifukwa chokhalira ndi mantha ngati munaligwirapo. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mawa musanakwere makwerero, funsani dzina la chimene chili m'denga, pemphani zodzitetezera, ndipo madzulo mulembe m'kope lanu. Mapapo amene muli nawowa ndi omwe mudzapumire mu ukalamba wanu.